Lipoti la mnyamata wa Fomu 3, waulemu kwambiri koma wopanda mnzake

Ndine mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, maphunziro ake ndinachitira ku Montfort ku Nguludi, pano ndili pa CDSS ina yake kuno ku Lilongwe mbali ya ku Area 25. Lipotili ndi la mnyamata mmodzi yemwe ndakhala ndikugwira naye ntchito kuyambira teremu yoyamba ya 2024. Mwini wakeyo ndi mayi ake anavomera kuti ndilembe bola ndisatchule dzina lake, sukulu kapena pomwe amakhala, nde ndizingoti mnyamatayu, ndipo tina ndi tina ndasintha dala kuti asadziwike. Ndalemba chifukwa ana amtundu wake alipo pafupifupi mkalasi iliyonse, koma poti savuta munthu palibe amene amabwera nawo kwa ife mpaka zinthu zitafika poipa.

Chomwe anabwerera

Anabwera naye ndi aphunzitsi a kalasi yake, ali ndi zaka 17. Dandaulo linali loti wayamba kujomba, pena sabata yonse kubwera masiku awiri okha, chonsecho JCE anakhoza bwino ndipo masamu ndi jogalafe amatenga mamalikisi apamwamba. Kunyumba amanyamuka bwinobwino atavala yunifolomu koma kusukulu osafika, kenako zinadziwika kuti amakakhala kuseri kwa tchalitchi china mpaka nthawi yoweruka. Sasuta, samwa, sanabepo kanthu ka munthu. Mu sitafu rumu aliyense amangoti aa uja nde mwana waulemu, akakumana nawe amachita kunjuta, dzanja lamanzere litagwira mkono. Ndinawafunsa kuti nanga pa buleki amakhala ndi ndani, anayang'anana kaye, kenako mmodzi anati amakonda kuima pa geti ndi alonda.

Mbiri yake

Ndi wachiwiri m'banja la ana anayi. Mayi amagulitsa kaunjika, bambo ndi mlonda ku Kanengo ndipo nthawi zambiri amagwira usiku. Mayi anandiuza kuti anachedwa kuyankhula, mawu omveka anayamba ali ndi zaka ngati zinayi, ndipo kumudzi agogo ankati pali munthu anamuchita chipongwe, nde anayenda naye m'mapemphero ndi kwina komwe mukukudziwako. Ine izi sindimawadzudzula nazo makolo, munthu mwana wako akakhala chete anzake akuyankhula umathamangira paliponse pomwe wauzidwa kuti pali thandizo. Phokoso lalikulu ngati la kuchigayo limamusokoneza mpaka kutseka makutu, amafuna mbale yake yomweyomweyo, njira yopitira kusukulu yomweyomweyo. Ali ndi hadikava yomwe amalembamo zotsatira za magemu onse a Super League, amamvera pa wailesi ndikulemba zigoli, ogoletsa ndi miniti yake. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza osapumira kuti Bullets inatenga ligi kasanu kotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ine ndisanafunse nkomwe.

Mnzake anakhalapo naye mmodzi ku pulayimale, mwana wa neba, amene ankamukokera kumasewero ndi kumuyankhulira. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid, banja lija linabwerera kwawo ku Dedza osabweranso. Kuchokera pamenepo palibe mwana anabwerapo pakhomo kudzamufuna, iyenso palibe komwe anapitako kukacheza. Mayi ankaona ngati ndi mwayi, akuti bola wanga sakuyenda ndi magulu oipa ngati ana a eni akewa.

Zomwe ndinaona

Ndinamupempha chilolezo kuti ndizimuonera patali pa buleki ndi poweruka, ndinachezanso ndi anzake amkalasi angapo omwe ndimawadziwa kuti sanganame.

Choyamba ndi moni. Anyamata a Fomu 3 akaima pagulu amangoti bho, shapu, zikuyenda, kugundana zibakera basi nkhani ikupitilira. Iye amafika kutsogolo kwa gulu, kudula nkhani pakati, ndikuyamba kupereka dzanja kwa mmodzimmodzi, mwadzuka bwanji achimwene, kunyumba adzuka bwanji. Gulu lonse kuseka, ena kumuyesezera, iye osadziwa chomwe walakwa poti akuchita ndendende zomwe anaphunzitsidwa kunyumba ndi ku Sande sukulu. Apa ndi pomwe pagona lipoti lonseli. Ife akuluakulu timaphunzitsa ana mmene angakhalire ndi ife, kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha mwano, ndipo mnyamatayu zimenezi anazigwira kuposa mwana wina aliyense pasukulu. Koma mmene angakhalire ndi amsinkhu wake palibe anamuphunzitsapo, timangoti azitolera okha kubwalo, ndipo ana ambiri amatoleradi okha pongoona. Iyeyu pongoona satola, amafunika kuuzidwa ndi mawu, sitepe ndi sitepe, ngati mmene timachitira ndi masamu.

Chachiwiri, akayamba za mpira samaima. Munthu kuyang'ana kumbali, kuyasamula, kuyamba kuchoka, iye kumutsatira akuwerengabe zigoli. Anamupatsa dzina loti Wailesi.

Chachitatu nde chinandiwawa. Nditamufunsa kuti anzako ndi ndani anatchula anyamata atatu mosangalala. Atatu amenewa ndi omwe ankamulanda K500 yomwe mayi ankamupatsa ya pa buleki, kumutuma mandazi, kumukopera homuweki ya masamu, Lachisanu akabwereka foni ya mayi ake kumuuza ayatse hotspot mpaka bandulo kutha. Akamutcha Wailesi iye ankakwiya, kunjenjemera, kufotokoza mwaulemu kuti dzina langa si limenelo, kenako kukanena kwa aphunzitsi, ndipo akabwerako zimaonjezekera poti tsopano wasandukanso kazitape. Kujomba kuja kunayamba tsiku lomwe anamulanda hadikava ija ndikumaiwerenga mokweza mkalasi akuyesezera mawu ake.

Ndinalangiza makolo kuti akaonane ndi adokotala a zamaganizo, kuno tili ndi Bwaila, Kamuzu Central komanso St John of God ku Area 43. Komwe anapitako anawauza kuti ali ndi autism, vuto lobadwa nalo lomwe limapangitsa munthu kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu ena. A WHO amayerekeza kuti mu 2021 munthu mmodzi pa anthu 127 alionse padziko anali ndi autism, nde muwerengere nokha pa sukulu ya ana mazana angapo. Pulani yanga sinasinthe kwenikweni ndi zotsatirazi, amene anasintha ndi bambo ake. Anali akumutcha wopusa ndi wamantha ngati mkazi, koma atamva kwa dokotala kuti ndi mmene ubongo wake unapangidwira, si ulesi, si kulodzedwa, anabwera okha kusukulu atangoweruka ku naiti kudzafunsa kuti madamu nde tizitani naye.

Zomwe tinachita

Maganizo ambiri ndinatengera ku pulogalamu yotchedwa PEERS, yomwe anayambitsa Elizabeth Laugeson ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Kumeneko achinyamata amakumana kamodzi pa sabata kwa mphindi 90, kwa masabata 14 mpaka 16, makolo nawo amakumana m'chipinda china nthawi yomweyo kuphunzira mmene angathandizire kunyumba, ndipo sabata iliyonse pamakhala homuweki yokayesa kunja. Chomwe ndimaikondera ndi choti saphunzitsa zomwe akuluakulu amaganiza kuti ana azichita, amaphunzitsa zomwe achinyamata odziwa kucheza amachitadi. Zathuzi si PEERS ayi, ndilibe setifiketi yake, ndipo zambiri sizikanatheka kuzikopera mmene zilili chifukwa mwana wa ku Los Angeles ndi wa kwa Senti sacheza mofanana.

Tinapanga gulupu ya achinyamata 6 azaka 15 mpaka 19, tikumakumana Loweruka m'mawa mu holo ya tchalitchi yomwe anatibwereka. Ndinapempha mnyamata ndi mtsikana a ku yufi, onse anamaliza Fomu 4, kuti azipanga timasewero, kaye kuonetsa njira yolakwika kenako yabwino, ana aja ndikumanena okha kuti apa chalakwika ndi chani, munthu winayo wamva bwanji, angafunenso kucheza nawe? Ine wazaka zangazi ndikanati ndiziyesezera bho amwene palibe akanakhulupirira.

Nkhani ya wothandizira kunyumba inavuta pang'ono. Loweruka ndi tsiku la malonda, mayi sangasiye benchi, komanso kunena zoona machezedwe a anyamata a masiku ano sawadziwa. Tinapeza malume ake, mlongo wamng'ono wa mayi, wazaka 24, amapanga kabaza wa njinga yamoto ndipo amakhala nawo mpanda umodzi. Ameneyu anatithandiza kuposa wina aliyense. Amene mukufuna kuyamba zoterezi musamakakamire kholo, yang'anani m'banjamo munthu yemwe akadali pafupi ndi msinkhu wa mwanayo ndipo amamukonda, kaya ndi ankolo, kaya ndi achemwali ake aakulu, kaya msuweni.

Tinayamba ndi kusinthana nkhani. Poti amakonda mpira ndinamuuza kuti kucheza ndi kupatsirana, ukalandira umagwira kamodzi kapena kawiri ndikubweza, wokakamira mpira yekha anzake amasiya kumupatsira. Lamulo linali loti ukanena ziganizo ziwiri funsa funso, ndipo funso lotsatira lichokere pa zomwe mnzako wayankha osati pa zomwe zili m'mutu mwako. Cholinga ndi kupeza chinthu chomwe nonse mumakonda chifukwa chinzake chimamera pamenepo. Homuweki yoyamba inali yoimbirana foni ndi mnzake wa mugulupu kwa mphindi zisanu, ankolo ali pambali, ndikubwera ndi chinthu chimodzi chomwe wadziwa cha mnzakeyo. Sabata yoyamba anabwera opanda kalikonse, anayankhula yekha mphindi zonse. Patapita masabata angapo anabwera akuti uja amaweta nkhunda ndipo ziwiri zinagwidwa ndi mphaka, ankolo ake akuti anachita kuombera m'manja.

Za maso ndinasiyana nawo a ku America. Kwathu kuno mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso timati ndi wamwano, ndipo iye kuyang'ana munthu m'maso kumamutopetsa kale. Nde tinagwirizana kuti kwa akuluakulu apitilize mmene amachitira, kwa anzake aziponya maso kunkhope pang'ono ndikubweza, thupi litalunjika kwa munthuyo, osati kuyankhula akuyang'ana nsapato.

Kulowa pagulu ndi komwe tinakhalitsa. Funsani kholo lililonse kuti mwana alowe bwanji pagulu la anzake, likuuzani kuti apite akapereke moni ndikudzitchula dzina. Tsopano imani pa depoti kapena pa giraundi muone ngati pali wachinyamata amachita zimenezo. Amaima chapafupi ngati akuona zina, mwina akudina foni, khutu lili ku nkhani. Akamva mutu wa nkhaniyo ndikuona kuti akuidziwa amasendera pang'ono, kudikira pomwe apumira, ndikuponyapo kamodzi kogwirizana ndi nkhaniyo, aa koma penati ija sinali yoona. Kenako amaona, kodi andiyang'ana, andiyankha, bwalo latseguka kapena andipatsa misana? Akakutsegulira umakhala, moni ndi maina zimabwera pambuyo pena osabwera nkomwe. Akakupatsa misana sukakamira ndipo sufunsa kuti bwanji simukundiyankha, umayang'ana kumbali, kutembenuka pang'onopang'ono ndikumapita ngati unali ndi ulendo kale. Ndinamuuza mobwerezabwereza kuti olo anyamata otchuka amakanidwa pagulu kambirimbiri, kusiyana kwake ndi koti iwo sazitengera kumtima. Tinayesa mu holo, kenako ankolo anamutengera pa siteji yawo ya kabaza pomwe nkhani ya mpira sikutha, ndikumamunong'oneza kuti dikira, dikira, lowa pano. Tinasankhanso magulu oyenera kuyesako, osati gulu la atatu aja, osati anthu awiri omwe akunong'onezana zawo.

Kenako kugemulana. Apa panali ntchito ziwiri, kusiyanitsa macheza ndi kutonza, ndi kudziwa choyankha. Anyamata kuno amagemulana ngati njira yosonyezana kuti ndife amodzi, timu yako ikaluza Lolemba ukonzeke, nde mwana amene amakwiya ndi kugemulidwa kulikonse amadzitsekera yekha kunja. Tinamupatsa mafunso oti azidzifunsa, kodi munthuyu masiku ena amandichitira zabwino, kodi enanso akugemulidwa kapena ndine ndekha, kodi ndikati basi amasiya? Kwa otonza enieni malangizo athu akale aja oti ingokhala chete, kapena kawanenere kwa aphunzitsi, kapena auze kuti zikukuwawa, onse amangowapatsa mphamvu chifukwa chomwe akufuna ndi kuona kuti zakulowa. Nde tinayeserera mayankho afupiafupi onena ngati sizikukukhudza, monga nde, zako izo, wamaliza, aa chabwino, ndikukweza mapewa ndikumapita. Achinyamata a ku yufi aja ndi amene anasankha mawuwa, ine ndinangochotsapo otukwana. Koma ndinanenetsa kuti kumenyedwa, kulandidwa katundu kapena kugwiridwa thupi si za mayankho ayi, izo ndi zokanena kwa wamkulu tsiku lomwelo.

Mayi ake atamva akuyeserera zako izo kuseri kwa nyumba anandipeza atakwiya ndithu. Anati madamu, mwana wanga chomwe anali nacho ndi ulemu, nde mukufuna mumulande chomwecho? Ndinawamvetsa. Tinakhala pansi ndi ankolo ndikujambula mizere iwiri papepala, uku akuluakulu uku amsinkhu wake, mawu awa uku, awa uku. Zinayenda, kupatula tsiku lina pomwe pulifekiti anamuuza kuti apisire shati iye ndikuyankha kuti wamaliza, ndikupatsidwa chibalo chotchetcha. Kwa iye pulifekiti ndi wamsinkhu wake, nde analondola lamulo. Tinaonjezera mzere wachitatu wa amsinkhu wako omwe ali ndi udindo. Ana ngati iyeyu lamulo amaligwira mmene mwalinenera, choncho mukaliphunzitsa muziganiziratu malo onse omwe lingakagwe.

Gawo lowawa kwambiri linali la anzake atatu aja. Sindinafune kumuuza ine kuti amenewa si anzako, akanakana, komanso ndi okhawo omwe anali nawo. Mugulupu tinalemba limodzi zizindikiro za mnzako weniweni, amakufuna olo ulibe kanthu, nayenso amakupatsako, sakuseka pagulu ndi zinthu zomwe unamuuza mwachinsinsi, mukayambana mumakonza. Kenako iye mwini anaganiza zoyesa sabata imodzi osatenga ndalama kusukulu, mayi anamupangira mbatata yonyamula. Pofika Lachitatu palibe mwa atatuwo ankamuyankhula. Anajombanso, anadzitsekera kuchipinda, kudya movuta, ndipo atabwera anandiuza mawu omwe sindidzaiwala, anati madamu ndiye kuti chiyambire ndilibe mnzanga. Ndinamufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipweteka kapena kudzipha, funso limeneli musamaliope, kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Anati ayi koma amalakalaka atangogona osapitanso kusukulu. Ndinadziwitsa makolo ndi adokotala ake, ankolo anayamba kugona naye chipinda chimodzi masiku amenewo, ndinamulembera nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, yomwe ana amaimba akafuna thandizo, mkati mwa hadikava yake. Amene mudzachite gawo limeneli musalichite musanakonze kwina komwe mwanayo akagwire, chifukwa mukumulanda chinthu chomwe kwa iye chinali chenicheni.

Kwina kumeneko kunapezeka pa giraundi ya sukulu. Mu PEERS amalimbikira zoitanira mnzako kunyumba, kumulandira, kumuonetsa nyumba, kumupatsa chakudya. Banjali limakhala nyumba ya zipinda ziwiri ya lendi, bambo masana amakhala akugona, nde kuitana mlendo nkosatheka, komanso anyamata kuno chinzake sachitira pa balaza, amachitira pa giraundi, ku vidiyo sho, ku kwaya, panjira yochokera kusukulu. Ndinakambirana ndi aphunzitsi a zamasewero, iwo anati magemu a makalasi amakhala ndi mikangano chaka chilichonse chifukwa palibe amalemba bwino zotsatira. Anamupatsa ntchito imeneyo, kukhala pambali pa giraundi ndi kope, kulemba zigoli ndi makadi, Lachisanu kumata tebulo la ligi pa bolodi. Chinthu chomwe ankamuseka nacho chija tsopano anthu anayamba kuchifuna, anyamata kumubwerera okha kuti aise ndili ndi zigoli zingati, ndipo apa nde masitepe aja anapeza pogwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Goloboyi wa Fomu 2, wofatsa nayenso, sapota wa Bullets, anayamba kumakhala naye pambali timu yake ikapanda kusewera. Mnyamata wathuyu ndi wa Silver Strikers, ndipo 2024 inali chaka chomwe Silver inatenga ligi, nde anali ndi zokangana zokwanira teremu yonse. Ankolo anandiuza kuti tsiku lina anawamva akugemulana panjira, wathuyu akuseka ndikubweza, osanjenjemera. Ligi isanathe anapita atatu ku Silver Stadium ku Area 47, koyamba m'moyo wake kuonera gemu ya Super League ndi maso. Tinakonzekeratu za phokoso, thonje m'makutu, kukhala chakumapeto kutali ndi a mavuvuzela, ndi mgwirizano woti akati ankolo tiyeni palibe kufunsa chifukwa. Anatha gemu yonse, koma mawa lake anagona tsiku lonse osafuna kuyankhula ndi munthu, ndipo ndinauza mayi kuti amusiye, kucheza kwa iye ndi ntchito yolemetsa ndipo amafunika kupuma payekha.

Teremu yachiwiri kunabuka nkhani ya mtsikana. Wa mkalasi mwake anamubwereka cholembera ndikumumwetulira, iye anapeza nambala pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi ndikutumiza mameseji oposa 20 usiku umodzi osayankhidwa, mawa lake chimodzimodzi, mpaka mchimwene wa mtsikanayo anamudikirira pa geti. Zikanatha moipa kwambiri, ndipo mtsikanayo anali ndi ufulu wonse kuchita mantha. Ndinayankhula ndi mtsikanayo kaye payekha, kenako mchimwene wakeyo, ndipo mnyamatayu anapepesa ndi meseji imodzi yaifupi yomwe tinalemba limodzi. Lamulo lomwe tinaika ndi la mameseji awiri, ukatumiza kawiri osayankhidwa usatumizenso mpaka winayo atayamba yekha, ndipo nambala ya munthu umapempha kwa mwini wake. Tinakambanso momveka kuti kumwetulira si kufunsira, kuti munthu akati ayi kapena akangokhala chete ndi ayi basi. Makolo ambiri amafuna nkhani imeneyi tiziilumpha ngati ana awa alibe mtima wofuna chibwenzi, koma tikapanda kuwaphunzitsa ife adzaphunzira ndi zibakera kapena ku polisi.

Mbali ya kalasi sindinaisiye, chifukwa si chilungamo kuti asinthe ndi mwana mmodzi yekha ena 70 akhale mmene alili. Mu phunziro la Life Skills tinakamba za kutonzana ndi kusiyana kwa anthu osatchula dzina la munthu, ndipo nkhani yolanda ndalama ija a hedi anaitenga ngati mlandu wa disipulini, makolo a atatu aja anaitanidwa. Boma linali ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, ndipo ndi zoona ana ambiri olumala tsopano akukhala mkalasi limodzi ndi anzawo, koma ife timawerenga amene ali pa desiki, sitiwerenga amene ali yekha pa buleki.

Pomwe tafika

Muyeso wanga waukulu unali wosavuta, pa mwezi wapitawu wacheza kangati ndi mnzake kunja kwa kalasi popanda wamkulu kukonza. Poyamba yankho linali palibe. Pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri zinali pafupifupi wikendi iliyonse, kawirikawiri ndi goloboyi uja, pena ndi wa nkhunda uja, ndipo mayi anandiimbira tsiku lomwe mwana wina anagogoda pakhomo kufunsa ngati alipo. Kujomba kunatha. Dzina la Wailesi likadalipo koma oitana ambiri tsopano amaitana mwachikondi ndipo iye amayankha.

Zomwe sizinasinthe ziliponso. Akasangalala amaiwala zopatsirana ndikuyankhula yekha mpaka mnzakeyo amuuze kuti aise puma, ubwino wake mnzakeyo amanena ndipo iye sakwiya. Mawu okuluwika ndi nthabwala zozungulira sazimva. Ntchito ya pagulu mkalasi imamuvutabe, gulu likapitilira anthu anayi amangoti zii. Akadali wosavuta kunamizidwa pa ndalama, nde PIN ya Airtel Money ya mayi tinagwirizana kuti asaidziwe kaye. Ine cholinga changa sichinali choti akhale wotchuka kapena asiye kukhala mmene alili, hadikava yake akulembabe ndipo azilemba.

Pa achinyamata 6 aja anamaliza 4. Mmodzi anasamuka, winayo ndi mtsikana wazaka 16 wa ku Mgona amene anasiya chifukwa Loweruka ndi tsiku lochapa ndi kulera ana kwawo, ndipo ameneyu amandidetsa nkhawa kuposa onse. Mtsikana wopanda anzake timamutcha wofatsa, wosunga pakhomo, mpaka timamuyamikira, nde savumbuluka ngati mmene anavumbulukira mnyamatayu, ndipo munthu woyamba amene adzamuonetse chidwi adzamukhulupirira pa chilichonse. Ndikukambirana ndi azakhali ake kuti tizikumana mkati mwa sabata poweruka.

Mnyamatayu pano ali Fomu 4. Vuto lomwe likubwera ndi loti chinzake chake chonse chakhazikika pa sukulu, giraundi, bolodi, njira yobwerera limodzi, ndipo akangolemba MSCE zonsezi zitha tsiku limodzi pomwe mnzake uja atsalira chaka china. Ndi zomwe zinachitika mu 2020 zija, nde sitikufuna zibwerezeke. Tagwirizana ndi banja kuti apeze kafoni kakekake olo ka mabatani kuti asamadalire ya mayi, ankolo ayankhula kale ndi kochi wa timu ya achinyamata ya m'dera lawo kuti azikalemba zotsatira kumenekonso kuyambira pano mayeso asanafike, ndipo bambo akufufuza za kosi ya zamagetsi kapena akaunti ku Lilongwe Technical College kapena ku Don Bosco ku Area 23. Ndikumakumana naye kamodzi pa mwezi tsopano, ndipo mitu yomwe yatsala ndi ya anthu akuluakulu, kuyankhula ndi bwana ndi anzako a kuntchito, kukana munthu akakupempha ngongole, kukhala chipinda chimodzi ndi munthu wachilendo, ndi kufunsira mwaulemu ndikulandira yankho lililonse. Ya ngongole ndi yomwe tiyambe mwezi wamawa, ankolo avomera kudzasewera ngati wopemphayo.